Momwe mungakonzere mapepala okaphunzirira ku UK

Zimandiwawa kuona munthu wanzeru zake akuphonya sukulu yakunja chifukwa cha pepala limodzi. Ngati mukufuna digiri ya masters ku UK, tsatani ndondomeko iyi.

Choyamba yalani patebulo chiphaso cha NRB, satifiketi ya MSCE, digiri ndi pasipoti, muwerenge dzina lanu chilembo ndi chilembo. Kwathu kuno si zachilendo kupeza kuti pa MSCE pali dzina la amalume amene ankalipira fizi, pa chiphaso pali la bambo, kwina chaka chobadwa chasiyana. Kunjako amaona ngati ndi anthu awiri. Mukapeza kusiyana, pitani kwa loya mukalumbire afidaviti yotsimikiza kuti mayina onsewo ndi anu. Ngati pasipoti mulibe kapena ikutha posachedwa, pitani ku Immigration sabata ino yomwe.

Kenako itanitsani transcript, pepala loonetsa magiredi anu onse, kwa registrar wa kumene munaphunzira, chifukwa situluka tsiku limodzi. Amene munamaliza ku Poly, College of Medicine kapena KCN chisanafike chaka cha 2021, digiri yanu ndi ya University of Malawi, pomwe sukuluzo pano ndi MUBAS ndi KUHeS. Fotokozani zimenezi pa fomu kuti owerenga asasokonezeke.

Okulemberani makalata a umboni auzeni kudakali mwezi wathunthu, muwatumizirenso CV ndi dzina la kosi. Mphunzitsi wouzidwa dzulo amalemba mizere itatu yopanda mchere. Ofuna thandizo la Chevening, lomwe ndi sikolashipu ya boma la UK, dziwani kuti mafomu amatsegulidwa cha mu Ogasiti, ndipo amafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito maola 2,800, omwe ndi ngati zaka ziwiri.

Mapepala ena amatha mphamvu, ndiye musawathamangire. Zotsatira za mayeso a Chingerezi a IELTS zimagwira zaka 2. Satifiketi yotsimikiza kuti mulibe TB, yomwe imafunika pofunsira viza, imagwira miyezi 6 yokha, ndipo iyenera kuchokera ku chipatala chovomerezedwa ndi boma la UK, osati chilichonse. Kayezetseni sukulu ikakupatsani malo, pamene mukudikira nambala ya CAS, yomwe sukuluyo imapereka kuti mufunsire viza.

Odzilipirira okha samalani apa: ndalama zofunika kuonetsa pofunsira viza zikhale mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsika ngakhale tsiku limodzi. Zobwereka kwa achibale Lachisanu n'kubweza Lolemba sizithandiza.

Pepala lililonse lipangeni sikani yooneka bwino, mulisunge ngati PDF pa imelo yanu, osati pa foni pokha.