Momwe mungayezere kulemera kumene phazi lanu likusenza poyenda ndi ndodo kapena chogwirira

Munthu wodwala nyamakazi ya m'bondo kapena m'chiuno, kapena amene wangochitidwa opaleshoni ya mafupa, nthawi zambiri amauzidwa kuti aziponda pang'ono pochita masewera olimbitsa mwendo. Vuto n'lakuti "pang'ono" ameneyu saoneka ndi maso. Wina chifukwa cha mantha amangolendewetsa mwendo mpaka minofu kufooka, pamene wina amaponda mwamphamvu osadziwa, pofika madzulo bondo latupa. Poyenda, bondo limasenza mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lonse kawiri kapena katatu, choncho kungoganizira sikokwanira. Ndi bwino kuyeza, ndipo sikelo wamba yoyezera anthu imathandiza kwambiri.

Musanayambe, funsani dokotala kapena katswiri wa fiziyo (wothandiza odwala ndi masewera olimbitsa thupi) kuti akuuzeni nambala yeniyeni. Akati muziponda 30 peresenti ya kulemera kwanu, ndipo inu mumalemera makilogalamu 70, ndiye kuti mwendo wodwalawo usapitirire makilogalamu 21. Lembani nambalayo papepala ndi kuimata poonekera. Musaipeke nokha, chifukwa imasiyana malinga ndi matenda ake.

Kenako konzani malo. Sankhani sikelo ya muvi, osati ya manambala amagetsi. Zamagetsi zambiri zimadikira kuti muime chilili kenako n'kutseka nambala imodzi, pomwe inu mukufuna kuona muvi ukukwera ndi kutsika pamene mukusuntha thupi. Iikeni pansi polimba ndi posalala, osati pa kapeti. Pambali pake ikani thabwa lochindikala mofanana ndi sikeloyo, loti silingaterereke. Apa ambiri amalakwitsa: phazi labwino likakhala pansi, lodwala lili pamwamba pa sikelo, chiuno chimapendekeka ndipo nambala imene mukuwerenga imakhala yabodza.

Tsopano imani, phazi labwino pa thabwa, lodwala pa sikelo, manja atagwira ndodo kapena chogwirira chimene mumayendera tsiku ndi tsiku. Pakhale munthu wina pafupi, makamaka tsiku loyamba. Yambani kutsamira mwendo wodwalawo pang'onopang'ono mpaka muvi ufike pa nambala yanu, ndipo khalani pomwepo masekondi asanu. Mvetserani thupi: manja akukanikiza bwanji chogwirira, chidendene chikumva bwanji, ntchafu yalimba motani. Bwererani, n'kuchitanso kakhumi.

Gawo lotsatirali ndi limene ine ndimaliona kuti ndi lofunika kuposa onse. Yang'anani kutsogolo, osati pa sikelo, pondani mmene mukuganizira kuti ndi pa mlingo wanu, ndipo mnzanuyo awerenge muvi. Mudzadabwa. Munthu amalumbira kuti wangokhudza pansi, muvi uli pa 35 m'malo mwa 21. Pitirizani mpaka muzilondola kangapo motsatizana, ndipo muzibwereza mawa lake ndi mkuja, popeza thupi limaiwala msanga. Dziwaninso kuti sikelo imayeza mutaima. Mukayamba kuyenda, makamaka mofulumira kapena mutatopa, phazi limagunda pansi mwamphamvu kuposa pamenepo, choncho fupikitsani masitepe. Ngati mumagwiritsa ntchito ndodo imodzi, igwireni ndi dzanja la mbali ya mwendo wabwino, ndipo izipita kutsogolo limodzi ndi mwendo wodwala.

Koma sikelo imangonena kuchuluka kwa katundu, siinena pamene katunduyo akugwera. Makilogalamu 21 atagawika phazi lonse si kanthu, koma atasonkhana pansi pa chala chachikulu chokha amapweteka. Nthawi zambiri chidendene ndi kutsogolo kwa phazi, kumunsi kwa zala, ndiko kumapanikizika kwambiri, ndipo nyamakazi ya mtundu wa rheumatoid imakonda kugwira mfundo za kutsogoloko. Mukamaliza masewera, vulani nsapato ndi masokosi, yang'anani kunsi kwa phazi ndi kalilole. Pamene pafiira osabwerera msanga, kapena pamene khungu likuuma ndi kuchindikala, ndi pamene pakusenza mopitirira. Tulutsaninso kansalu ka m'kati mwa nsapato muone mbali imene yaphwatalala. Odwala shuga amene mapazi awo anachita dzanzi asadumphe zimenezi ngakhale tsiku limodzi, chifukwa chilonda chimayamba iwo osamva kanthu.

M'zipatala zina muli zipangizo zoyeza zimenezi mwatsatanetsatane. Pali chipangizo chafulati chopondapo ndiponso timapepala topyapyala tokhala ndi masensa (tizipangizo tomva kupanikizika) tolowetsa mu nsapato, monga F-Scan ya kampani ya Tekscan kapena pedar ya Novel. Zipangizozi zimaonetsa pa kompyuta chithunzi cha phazi chamitundumitundu, ndipo kupanikizikako kumayezedwa m'ma kilopascal (muyezo wa kupanikizika) munthu ali kuyenda. Ngati zilipo kumene mumalandira chithandizo, pemphani akuyezeni mutagwira chogwirira chanu chomwecho.

Amene amachitira masewera m'dziwe losambiramo, madzi enieniwo ndiwo sikelo. Akafika m'chiuno, mapazi amasenza pafupifupi theka la kulemera kwa thupi. Akafika pachifuwa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Akafika m'khosi, pafupifupi 10 peresenti yokha. Yambirani kozama, n'kumasendera kosaya pamene mwendo ukulimba.

Tsiku lililonse lembani m'kabuku nambala imene munaponda, mphindi zimene munachita, ndi mmene mfundo ikumvekera madzulo. Ululu ukakhala wochuluka kuposa poyamba patadutsa maola awiri mutamaliza, chepetsani tsiku lotsatira. Bondo likatupa, likatentha, kapena mukamva kubaya mwadzidzidzi poponda, siyani kaye ndipo mupite nako kabukuko kwa dokotala wanu.