Kwa oimbitsa nyimbo m'maukwati: samalani ma kbps

Anzanga oimbitsa nyimbo m'maukwati ndi m'zinkhoswe kuno ku Salima, musamalize bandulo posaka mafayilo a FLAC kapena WAV, mafayilo akuluakulu a nyimbo omwe sadula mawu aliwonse monga imachitira MP3. Nyimbo ya mphindi 4 ya WAV imadya pafupifupi 40 MB, pamene MP3 ya 320 kbps imangodya 10 MB (kbps ndi muyeso wa deta yomwe nyimbo imadya pa sekondi iliyonse; ikachepa, mawu ambiri amadulidwa). Pa masipika athu a m'tenti, jenereta ikulira kuseri, khutu silisiyanitsa ziwirizi. Ndinayesa ndekha ku Senga Bay: mnzanga ankasinthasintha mafayilo a nyimbo imodzimodzi ine nditafulatira, sindinathe kuloza kuti WAV ndi iti.

Chomwe chimamvekadi ndi MP3 yotsika kuposa 128 kbps. Tcherani khutu pa zisekese, komanso woimba akamatchula "s": zimamveka ngati zikulirira m'madzi. Mukakweza voliyumu zimaipiratu, ndipo zimandipweteka mtima kumva zimenezi mkwatibwi akulowa.

Mukapita koikitsa nyimbo pa Kamuzu Road, funsani ma kbps musanapereke memory card. Dziwaninso kuti kusandutsa MP3 yotsika kukhala WAV sikubweza kanthu, mawu omwe anadulidwa anapita basi. WAV muziisunga mukajambula kwaya yanu, poti mudzafuna kuikonzanso ku situdiyo.