Kuwonjezera mawaya pa hendulo yaitali ya Boxer

Nditaika hendulo yokwera masentimita 10 pa Bajaj Boxer kuno ku Chipata, mawaya a maswitchi anafupika. Ukakhotera kumanja mpaka kumapeto, hutala ndi ma indicator zinkazima, chifukwa pulagi ya kuseri kwa getsi lakutsogolo inkasololoka.

Ndinayamba ndachotsa waya wa negative ku batire. Kenaka ndinkadula waya umodzi, kuulumikiza, ndiye kudula wina, kuti mitundu isasokonezeke. Malo odula ndinawatalikitsa masentimita 2 kuti mfundo zisaunjikane pamodzi. Waya uliwonse ndinauwonjezera masentimita 15, wa 1 mm².

Kungopota n'kukulunga tepi sikulimba ayi. Mabampu a msewu wafumbi amamasula mfundo, dzuwa la Okutobala limamatula tepi, mawaya n'kugundana, fyuzi n'kupsa. Ndinawotcherera ndi solder (chitsulo chofewa chosungunula cholumikizira mawaya) n'kuveka heat shrink (kachubu ka pulasitiki komwe kamathina kakatenthedwa), yomwe imalowetsedwa pa waya musanawotcherere. Mfundo zisakhale pakhosi pa njinga pomwe mawaya amapindika, zimathyokera pomwepo.

Makebulo a klachi, buleki ndi mafuta sawonjezeredwa ngati mawaya, choncho ndinagula aatali. Poyesa, lizani injini n'kukhotetsa hendulo mbali zonse. Injini ikakwera yokha, kebulo ya mafuta ikukokeka, musakwere njingayo.