Alimi otsogola, "tamva" uja musamamukhulupirire

Chimanga chambiri chomwe chapsa masamba mbali za Ulónguè ndi Tsangano kuno ku Mozambique dzinja lino sichinapse ndi dzuwa ayi, chapsa ndi mankhwala a mbozi. Chodabwitsa n'chakuti eni mindayo anakhala nawo pa maphunziro a kalabu, mayina awo ali m'kaundula. Vuto lili pa kaphunzitsidwe kathu.

Mlimi wotsogola amasonkhanitsa anthu patsinde pa mango, n'kunyamula botolo la mankhwalawo, n'kuwerenga zonse zolembedwapo m'Chipwitikizi kuchokera pamwamba mpaka pansi. Akamaliza amafunsa kuti, "Mwamva?" Gulu lonse: "Tamva!" Ndani angavomere kuti sanamve, amfumu ndi apongozi ake ali pomwepo?

Mitu yathu sigwira nkhani mofanana. Alipo amene akamva kamodzi basi zalowa, ambiri mwa iwo ndi achinyamata amene anafikako ku sekondale. Ena sizilowa mpaka aone ndi maso madzi akusintha mtundu mu mpope wopopera mankhwala. Ena mpaka manja awo ayeze okha. Palinso ena amene nambala saisunga ngati simunayambe mwawauza chifukwa chake. Ofufuza za kaganizidwe ka munthu anapeza kuti mfundo zatsopano zomwe mutu ungasunge panthawi imodzi n'zochepa, zinayi kapena kuposerapo pang'ono. Tsono mfundozo zikabwera m'chilankhulo chomwe munthu amangokumana nacho kuchipatala ndi ku maofesi, mutu umatanganidwa ndi kutembenuzira m'Chichewa. Iye akamamaliza chiganizo choyamba, wowerenga uja ali kale pa chachitatu, pomwe pali muyeso. Botolo likakhala logula ku Lizulu, kumalire ndi Malawi, lolembedwa m'Chingerezi, ndiye zimachita kunyanya.

Bambo ena a ku Dómuè anatola nambala imodzi yokha, ya mankhwala okwanira hekitala yonse, n'kukhuthulira onsewo mu mpope umodzi wa malita 16. Botolo lonse linathera m'mizere ya pafupi ndi nyumba. Masamba anapsa ngati awauka ndi moto, kumtunda kwa munda mbozi zikudya mwamtendere, eni ake agona ndi mutu komanso chizungulire. Fetereza wokulitsa anali atathira kale, mameticais onsewo apita ndi madzi. Bambowo anandiuza kuti, "Alangizi, nambalayo ine ndinaimva bwinobwino, koma mlimi wotsogola uja sananene kuti ndi ya munda wonse." Ananena, bambo, koma ananena m'Chipwitikizi, mothamanga.

Mbozi imeneyi, yodya pamtima pa chimanga (fall armyworm), inalowa m'dziko muno mu 2017, koma mpaka lero tikuphunzitsabe ngati tili pa guwa. Boma lenilenilo linayamba kale mu 2003 kuphunzitsa ana m'sukulu zina za pulayimale m'chilankhulo cha kwawo, Chinyanja chili momwemo. Ife tikuumiriranji kuwerengera agogo awo Chipwitikizi? Kapena tikufuna anthu atione kuti ndife ophunzira?

Chochita si chovuta. Werengani botolo kunyumba, mudzafotokoze m'Chichewa, mfundo zitatu patsiku, osapyola. Muyeso muziutchula pa mpope umodzi, osati pa hekitala. Bwerani ndi mpope, madzi ndi koyezera, aliyense ayeze yekha ndi madzi chabe, amayi ayambe. M'malo mofunsa kuti mwamva, uzani munthu afotokozere mnzake inu mukumvetsera. Za kupopera m'mamawa kapena madzulo, molunjika pamtima pa chimanga, muwaonetse m'munda sabata yotsatira.