Fumbi ndi utsi ku Kasungu: kusamala chifuwa kuyambira Meyi mpaka mvula

Kuno ku Kasungu mvula ikangodula mu Epulo, mwezi uliwonse umabwera ndi mpweya wakewake. Ine ndimasoka pakhonde m'mbali mwa msewu wa M1 komanso ndikulera mdzukulu wodwala mphumu, ndiye nkhaniyi sindiitenga mopepuka.

Ambiri amadandaula za fumbi la mu Okutobala, koma ine umandiopsa ndi utsi wa mu Juni ndi Julayi. Usiku kukazizira, mpweya wozizira umakhazikika pansi, wofunda n'kuuvindikira pamwamba. Utsi wa mbaula, wa mauvuni a njerwa ndi wa zinyalala umasowa kokwera, umangozungulira m'makomo mpaka dzuwa litakhwima. Mukadzuka yang'anani phiri la Kasungu. Likamaoneka mwachimbuuzi, khanda ndi wodwala chifuwa asatuluke msanga, adikire kamphepo kayambe kuomba. Mazenera tsegulani masana, osati m'bandakucha.

Mbaula musalowe nayo kuchipinda chogona, kuzizire chotani. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako munthu amagona osadzukanso. Otherani moto pakhonde, pogona onjezerani bulangete. Poyatsa siyani majumbo ndi zidutswa za tayala, zitsononkho zouma zimakoleza bwino lomwe. Chitetezo mbaula imadya nkhuni zochepa, komabe iikeni podutsa mphepo. Ndipo amayi anzanga, chonde, mwana mutsitseni kumsana musanawerame kuuzira moto, chifukwa utsi wonsewo umathera m'kachifuwa kake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse, ndipo ena mwa iwo anali ana aang'ono.

Popuntha soya ndi popeta chimanga, imani mphepo ikuombereni kumsana. Miyezi imeneyi kumaomba mwera, wochokera kummwera chakum'mawa, choncho mukudziwiratu kolowera mungu. Pothira mankhwala a anankafumbwe phimbani mphuno, ana akhale patali.

Kuyambira Ogasiti kumabwera moto wa osaka mbewa ndi wa ososa m'minda. Apa ndimalankhula mosabisa: kutentha mapesi n'kuwononga kawiri, chifuwa ndi nthaka yomwe. Akwirireni m'mizere kapena muwaunjike apse manyowa. Mnansi akaumirira kutentha, musamudzudzule pagulu. Pitani kwawo mukati, "Achimwene, mwana wanga amabanika, tadikirani masana mphepo iloze kutchire." Moto wa madzulo ndi woipitsitsa chifukwa utsi wake umagona m'mudzi usiku wonse. Zikakanika, nkhaniyo ipite kwa amfumu.

Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala lili ndi machenjerero ake. Madzi otsukira mbale musataye, wazani pabwalo musanasese. M'nyumba pukutani ndi nsalu yonyowa m'malo mokuntha, ufa ndi ndiwo zikhale zovindikira. Okwera kabaza m'misewu yadothi, chitenje pamphuno chimagwira fumbi lalikulu lokha. Tinthu ta mu utsi n'tating'ono kwambiri, timadutsa m'nsalu mpaka kukafika mkati mwa mapapo, ndipo timafuna masiki ya N95 yothina bwino.

Chizimalupsa chikagwa mpweya umayera, koma musathamangire kubzala musanamve zimene a nthambi yoona za nyengo akunena pa wailesi. Ntchito ya masiku amenewo ndi kuwunjika nkhuni zouma pansi pa denga, chifukwa m'dzinja timaphikira m'kati, ndipo nkhuni zonyowa zimafuka koopsa. Khitchini ikhale ndi kazenera moyang'anizana ndi chitseko.

Wodwala mphumu asayende opanda mankhwala ake opopera. Mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, kapena akamakana kuyamwa, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, chingakhale chibayo. Wamkulu akatsokomola masabata awiri, asamangoti ndi fumbi, akayezetse makhololo.