Webusaiti yanuyanu, osalemba command ngakhale imodzi

Ngati kawindo kakuda kolembamo ma command kamakuopsani, ikani Publii, pulogalamu yopangira webusaiti, pa kompyuta. Ndi yaulere, imagwira pa Windows, Mac ndi Linux. Nkhani mumalemba intaneti ili yotseka, ndiye bandulo simawonongeka. Mukadina Sync, Publii imasandutsa zonse kukhala masamba a HTML n'kuwatumiza ku GitHub Pages kapena Netlify, malo a pa intaneti osungirako webusaiti kuti anthu aziiona.

Ine ndinapunthwa pa GitHub. Kuti adiresi ikhale yaifupi, repository (foda ya webusaiti yanu pa GitHub) itchedwe dzinalanu.github.io, chilembo ndi chilembo, pomwe dzinalanu ndi dzina la akaunti yanu ya GitHub. Ndinaphonya kadontho kamodzi, tsiku lonse ndikungotukwana netiweki.

Chinanso, nkhani zanu zenizeni zomwe mumalemba mu Publii zimakhala pa kompyuta yanuyo, choncho muzisunga backup pa flash. Zithunzi za pafoni muzichepetse kaye, n'zolemera.