Momwe mungaperekezere mayi wa fisitula ku opareshoni ndi kumusamalira akabwerako

Nkhaniyi ndikulembera inu amene muli ndi mayi pakhomo amene chiberekereni mkodzo umangotuluka wokha usana ndi usiku, kaya ndi mwana wanu, mchemwali wanu, mpongozi wanu kapena mkazi wanu. Dokotala wosoka fisitula amagwira ntchito yake kwa maola ochepa chabe, koma zimene zimachitika masabata angapo opareshoni isanafike ndi miyezi ingapo itatha zili m'manja mwa mayiyo ndi anthu amene akukhala naye, ndipo kawirikawiri zimenezi ndi zomwe zimasiyanitsa mayi amene wapoleratu ndi amene wabwerera kuchipatala bala litatsekukanso.

Yambani ndi kumvetsa chimene chinachitika m'thupi mwake, chifukwa pamudzi pamamveka zambiri. Matenda akayamba koma mwana n'kukanirira panjira kwa tsiku lathunthu, awiri kapena atatu, mutu wa mwanayo umapanikiza minofu ya mayi ku fupa la m'chiuno mpaka magazi kulephera kufika pamalopo. Mnofu wosowa magazi umafa, ndipo pakapita masiku angapo umayoyoka n'kusiya chibowo, chimene chimatchedwa fisitula, pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera, nthawi zinanso pakati pa njirayo ndi thumbo lotulutsa chimbudzi. N'chifukwa chake amayi ambiri amanena kuti kudonthako sikunayambe tsiku lobereka lenilenilo koma mkati mwa sabata yoyamba. Kwa ena chibowocho chimabwera chifukwa chakuti chikhodzodzo chinavulala pa opareshoni yotulutsa mwana kapena yochotsa chiberekero. Zakuti mayi amavutika pobereka chifukwa anayenda ndi amuna ena, mpaka kumukakamiza kuti awatchule mayina ali pa ululu, zilibe umboni uliwonse, ndipo mwambo umenewu ndi umodzi mwa zinthu zimene zimachedwetsa ulendo wa kuchipatala pamene ola lililonse likuwononga mnofu. Fisitula si ufiti ndipo si yopatsirana, choncho palibe chifukwa chomupatulira mbale kapena kumugoneka kukhitchini.

Ngati mayi wangobereka kumene ndipo kudontha kwayamba masiku omwewa, musadikire kuti muone ngati kusiye kokha. Bwererani naye kuchipatala msanga, chifukwa chibowo chaching'ono chikadali chachiwisi chimatha kutsekeka popanda kusoka ngati anamwino amuika kapaipi kotulutsira mkodzo, kamene amati kateta, kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Chikapanda kutsekeka, madokotala ambiri amadikira pafupifupi miyezi itatu kuti minofu ikhwime ndi kutupa kuthe asanasoke. Kwa mayi amene wakhala ndi vutoli zaka 10 kapena 20, nthawi sinathe. Kutalika kwa zaka pakokha sikulepheretsa opareshoni.

Njira yabwino yoyambira ndi kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena chipatala chaching'ono chapafupi, kumene adzakulemberani kalata yokutumizani patsogolo. Ku Lilongwe, pa chipatala cha Bwaila chimene akuluakulu amachitchabe kuti Bottom, pali malo apadera osokera fisitula amene anatsegulidwa mu 2012 ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la Freedom from Fistula Foundation, lomwe linayambitsidwa ndi Ann Gloag wa ku Scotland, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo. Chithandizo chake n'chaulere. Nthawi zina madokotala odziwa ntchitoyi amapitanso m'zipatala za m'maboma mothandizidwa ndi UNFPA, bungwe la United Nations loona za uchembere wabwino, ndipo nkhani za fisitula zimamveka kwambiri pa wailesi chakumapeto kwa Meyi, popeza pa 23 Meyi ndi tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira za matendawa. Chimene muyenera kuumirira ndi chakuti asokedwe ndi dokotala amene anaphunzira ntchito imeneyi mwapadera, chifukwa opareshoni yoyamba ndi imene ili ndi mwayi waukulu wotseka chibowo, ndipo iliyonse ikalephera imasiya zipsera zolimba zimene zimavutitsa yotsatira. Mankhwala azitsamba olowetsa kunjira amangowotcha mnofu womwewo umene dokotala akufuna kudzaulumikiza.

Pamene mukudikira tsiku limene mwapatsidwa, nkhondo yaikulu imene mudzamenye ndi ya madzi akumwa. Pafupifupi mayi aliyense wa fisitula anadziphunzitsa yekha kumwa madzi ochepa kuti asamanyowe kwambiri, ndipo maganizo amenewa n'ngomveka kwa munthu amene amachapa zitenje kangapo pa tsiku. Koma zotsatira zake n'zosiyana ndi zimene akufuna. Mkodzo wa munthu wosamwa madzi umakhala wofiirira ndi waukali, ndiye umanunkha kwambiri, umawotcha khungu la m'ntchafu mpaka zilonda, ndipo umatha kupanga miyala m'chikhodzodzo, imene iyenera kuchotsedwa kaye asanasoke. Akamamwa madzi ambiri adzanyowa kwambiri, zimenezo n'zoona, koma mkodzowo udzakhala woyera, fungo lidzachepa ndipo khungu lidzayamba kupola. Kungomuuza kuti azimwa sikukwanira. Mutungireni madziwo, muikireni pafupi ndi pamene wakhala, ndipo muthandizeni kuchapa, chifukwa chimene akuopa ndi ntchito yochapayo pamodzi ndi maso a anthu pa mjigo. Zitenje zimene amadzitchinjiriza nazo azisintha zikangonyowa, zichapidwe ndi sopo ndi kuyanikidwa padzuwa, ndipo akasamba aziumitsa bwino khungu n'kupaka Vaseline. Pa chakudya, ganizirani za magazi, popeza munthu wochepa magazi amabwezedwa kuti adikire: nyemba, mazira, usipa, chiwindi chikapezeka, ndi masamba monga bonongwe ndi nkhwani zimathandiza. Ngati phazi lake limakwekwerezeka poyenda chiberekereni, kauzeni achipatala, chifukwa kupanikizika komwe kuja kumavulazanso mitsempha ya mwendo.

Ulendo weniweniwo ndi umene amayi ambiri amauopa kuposa mpeni, chifukwa kukhala maola angapo mu minibasi yodzaza kwinaku ukunyowa n'chinthu chochititsa manyazi kwambiri. Tengani zitenje zokwanira kusintha panjira, pepala la pulasitiki loyala pampando ndi jumbo yoikamo zonyowa, ndipo musamulole kuyenda yekha. Musaiwale buku lake la kuchipatala, makamaka limene munalembedwa za uchembere umene unabweretsa vutoli, komanso mankhwala alionse amene amamwa masiku onse, kuphatikizapo ma ARV. Kunyumba konzeranitu munthu wosamalira ana ndi munda kwa masabata atatu kapena anayi, chifukwa mayi amene mtima wake uli kumudzi amaumirira kutuluka nthawi isanakwane.

Akafika adzamuyeza magazi ndi mkodzo, kenako dokotala adzathira madzi a buluu m'chikhodzodzo kudzera m'kapaipi kuti aone pamene akutulukira, ndipo potero amadziwa malo ndi kukula kwa chibowo. Apa ndi pamene muyenera kufunsa mafunso onse asanasaine kapena kudinda chala: chibowocho n'chachikulu bwanji, mwayi woti chitsekeke ndi wotani, ndipo adzakhala masiku angati m'chipatala. Opareshoni zambiri zimachitika atamubaya jakisoni wa pamsana amene amachititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, iye ali maso, ndipo dokotala amasokera kunjira yoberekera osang'amba pamimba. Ntchitoyi si yoyesera ayi; chipatala cha fisitula cha ku Addis Ababa, m'dziko la Ethiopia, chimene madokotala Catherine ndi Reginald Hamlin anatsegula mu 1974 chakhala chikusoka amayi ndi kuphunzitsa madokotala a m'maiko ambiri kwa zaka zoposa 50, ndipo zibowo zambiri zosavuta zimatsekeka ulendo woyamba. Chinthu china chimene sichilembedwa m'buku la kuchipatala ndi chakuti mu wodi ndi mmene amayi ambiri amaonera koyamba anzawo a vuto lomwelo, atakhala zaka akuganiza kuti ali okha. Musiyeni acheze nawo, ngakhale inu mutsale panja.

Opareshoni ikatha, maso onse akhale pa kateta. Kapaipi kameneka kamakhala masiku 7 mpaka 14 malinga ndi mmene chibowo chinalili, ndipo ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti chikhodzodzo chisadzaze, chifukwa chikadzaza chimatamuka n'kudula ulusi. Choncho kapaipiko kasapindike, mayi asakagonere, kasakokedwe, ndipo thumba kapena kabeseni kolandirira mkodzo kazikhala m'munsi mwa chiuno nthawi zonse, ngakhale akuyenda. Mkodzo uyenera kumadontha mosalekeza ndipo uzioneka ngati madzi. Mukaona kuti wasiya kutuluka, kapena mayi akumva kudzaza ndi kupweteka m'chinena, kapena pogona panyowa, itanani anamwino nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku, chifukwa maola ochepa a kateta wotsekeka akhoza kuwononga ntchito yonse. Pa nkhani iyi yokha ndinganene kuti ndi bwino kudzutsa namwino pachabe kusiyana ndi kuchita ulemu mpaka m'mawa. Madzi akumwa ndi amene amatsuka kapaipiko, ndipo m'malo ambiri osokera fisitula mayi amauzidwa kumwa malita anayi kapena asanu pa tsiku, pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka usiku. Nsalu imene dokotala amaika kunjira imachotsedwa pakapita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mayi amayamba kuyenda pang'ono anamwino akalola. Kudzimbidwa n'koopsa chifukwa kudzikakamiza kuchimbudzi kumakoka bala, choncho papaya, masamba ndi zipatso zina zisasowe. Amene anasokedwa ku thumbo la chimbudzi amapatsidwa malangizo akeake a chakudya, ndipo musamubweretsere nsima mobisa pomumvera chisoni.

Kateta akachotsedwa, mayi amauzidwa kukodza pafupipafupi osadikira kuti chikhodzodzo chidzaze, ndipo nthawi imatalikitsidwa pang'onopang'ono. Ambiri amadzuka pogona pouma koyamba patapita zaka. Ena chibowo chimakhala chatsekeka ndithu koma mkodzo umathawabe akamatsokomola, kuseka kapena kuimirira, chifukwa minofu yotseka njira ya mkodzo inafooka. Zimenezi sizitanthauza kuti opareshoni yalephera. Anamwino amaphunzitsa kulimbitsa minofuyo poifinya ngati munthu amene akugwira mkodzo, ndipo kwa ambiri zimasintha m'miyezi ingapo. Aliponso amene amafunika opareshoni yachiwiri. Mayi wotere amabwerera kumudzi ali wosweka mtima pamene anzake a mu wodi akuimba, ndipo amafunika munthu woonetsetsa kuti tsiku lobwereranso lalembedwa m'buku ndipo lasungidwa.

Tsiku lotuluka, ngati mayiyo ali pabanja, yesetsani kuti mwamuna wake abwere adzamve yekha malangizo kuchokera kwa anamwino, chifukwa lamulo lovuta kwambiri likukhudza iyeyo. Banja liyenera kuleka kukhalira limodzi malo amodzi kwa miyezi yosachepera itatu, ndipo malo ena amanena isanu ndi umodzi. Tsatirani zimene mwauzidwa kumene anasokedwako. Mawu amenewa akachokera pakamwa pa mkazi yekha, amuna ena amawatenga ngati kukanidwa, koma akawamva kwa achipatala, kapena ankhoswe akakhalapo, amawalemekeza. Kunja bala limaoneka ngati lapola m'masabata ochepa, koma m'kati mnofu umakhala udakali wanthete. Pa nthawi yomweyi asalowetse kanthu kalikonse kunjira, kaya nsalu, chala kapena mankhwala oumitsa. Kusenza ndowa ya madzi, kutema ndi kunyamula nkhuni, kusinja ndi kulima ziyembekeze pafupifupi miyezi itatu, ndipo popeza ntchitozi sizingaime pakhomo, gawanani musanachoke kuchipatala kuti adzachite ndani. Apitirize kumwa madzi ambiri, ndipo akayamba kutentha thupi, kutaya magazi, kulephera kukodza kapena kudonthanso, abwerere kuchipatala osadikira tsiku limene anapatsidwa.

Kubwerera pakati pa anthu kumatenga nthawi yake. Munthu amene anasiya kupita kutchalitchi kapena kumzikiti, kumaliro, kumsika ndi ku banki m'khonde kwa zaka zambiri sayambiranso tsiku limodzi, ndipo amakhalabe akudzinunkhiza ngakhale ali wouma. Pitani naye limodzi maulendo oyamba. Kumbukiraninso kuti ambiri mwa amayiwa anataya mwana pa uchembere umenewo, ndipo chifukwa cha mkodzo palibe amene anawapepesa bwinobwino. Akafuna kukamba za mwanayo, mvetserani osamudula.

Nkhani ya mimba ina ikambidwe asanatuluke m'chipatala. Amayi ena msambo umasiya chifukwa cha matendawa n'kuyambiranso akapola, choncho mimba ikhoza kubwera mosayembekezera. Asankhe njira yolera pamodzi ndi anamwino, ndipo apumule pafupifupi chaka chathunthu asanaime. Akadzaima, ayambe sikelo miyezi yoyambirira, auze anamwino tsiku loyamba lomwelo kuti anasokedwapo fisitula, ndipo aonetse buku limene zinalembedwamo. Mimba imeneyo, ndi ina iliyonse yotsatira, iyenera kudzathera pa opareshoni yokonzeratu matenda a uchembere asanayambe, chifukwa mutu wa mwana ukadutsanso pa chipsera chija ukhoza kuching'amba. Ngati kwanu kuli kutali ndi chipatala chochita opareshoni, mwezi womaliza akakhale ku chidikiro cha chipatala cha boma kapena cha mishoni, ndipo ndalama ya ulendo ndi ufa wa kumeneko muyambe kusunga mimba ikadali yaing'ono.